MOTO WOPANDA MALAWI

Mlimi wina wa ku Katete atatha kupalira munda wace, anatsamiritsa khasu lace pa citsa napita kumudzi, nati adzalitenga m'mawa mwace. M'mawamo kunagwa maliro, pambuyo pace kunadza nchito zina, ndipo khasu lija linaiwalika. Linagona kumundako dzinja lonse, mvula iri kulibvumba ndi dzuwa liri kuliomba. Pa nthawi yokolola mwana wace analitola pakati pa mapesi. Mpini unali utadyedwa ndi ciswe, ndipo citsulo cimene cinali cosalala ndi conyezimira cinali citafiira ndi kukakala. Pocigogoda pamwala, timakoko tofiira tinayoyokera pansi, ndipo kukamwa kwa khasulo kunaoneka kopyapyala ngati tsamba.

Aliyense adziwa kuti khasu lotere lacita dzimbiri. Koma dzimbiri nciani, ndipo licokera kuti? Anthu ofufuza za cilengedwe amayankha mau odabwitsa. Iwo amati khasulo linali kupsa. Linali kupsa pang'onopang'ono, usana ndi usiku, ndi moto wopanda malawi ndiponso wopanda utsi.

Cimene Cikhala mu Mpweya

Mpweya umene anthu amapuma uli wosanganikirana. Ukagawidwa magawo asanu, pafupifupi magawo anai ali mpweya wochedwa naitirojeni, ndipo gawo limodzi liri mpweya wochedwa okosijeni. Okosijeni ndiye amene amasunga moyo wa anthu ndi nyama, ndiponso ndiye amene amayatsa moto. Mai akafuna kuti moto uyake amaukupiza kapena kuuzira, pakuti potero auonjezera okosijeni. Akafuna kuti uzime amaukwirira ndi dothi.

Nkhuni ikamapsa, iri kuphatikana ndi okosijeni wa mu mpweya, ndipo pa kuphatikanako pamatuluka kutentha. Zitsulo nazonso zimaphatikana naye. Amene anatsimikiza zimenezi ndi Antoine Lavoisier wa ku France. M'caka ca 1774 iye anaika citsulo cofewa cochedwa tini m'botolo, nalitseka ndithu, naliyesa pa sikelo, kenaka naliika pamoto. Citsulo cija cinacita pfumbi pamwamba pace, koma kulemera kwa botolo lonse sikunasinthe. Atalitsegula, mpweya wa kunja unathamangira m'katimo, ndipo poyesa citsuloco pamodzi ndi pfumbi lace anapeza kuti calemera kuposa poyamba. Pamenepo anazindikira kuti citsuloco cinatenga gawo lina la mpweya umene unali m'botolo.

Comweco ndico cinacitika ndi khasu la mlimi uja. Dzimbiri ndi citsulo cimene caphatikana ndi okosijeni pamodzi ndi madzi. Makilogalamu 7 a citsulo amatenga makilogalamu 3 a okosijeni. Cotero mwana uja akadatola timakoko tonse timene tinayoyoka, natiyesa pamodzi ndi khasulo, akadapeza kuti zonse pamodzi ziri zolemera kuposa khasu la poyamba.

Kutentha Kubisala Kuti?

Wina angafunse kuti, "Ngati dzimbiri liri moto, bwanji khasu ladzimbiri silitentha dzanja?" Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lace lipezeka pa cipala ca wosula. Wosula akamenya citsulo cofiira ndi nyundo, kapena akanola nkhwangwa pa mwala wozungulira, pamathetheka mbaliwali za moto. Mbaliwali iriyonse ndi kacidutswa kakang'ono ka citsulo kamene kali kupsa mu mpweya. Popeza nkakang'ono ndi kotentha kale, okosijeni amakazinga mbali zonse, ndipo kamapsa m'kuphethira kwa diso. Kutentha kwace konse kumatuluka nthawi imodzi, ndico cifukwa cace kamawala.

Khasu ndi lalikulu ndiponso lozizira, ndipo mpweya umangolikhudza pamwamba pokha. Kupsa kwace kumatenga zaka. Kutentha kumatuluka ndithu, koma kumatuluka pang'ono kwambiri tsiku liri lonse, ndipo mphepo imakutenga munthu asanakumve.

M'nyengo yozizira ya 1782 ndi 1783, Lavoisier ndi mnzace Pierre-Simon Laplace anapanga cipangizo coyesera kutentha. Anazinga cotengera ndi madzi oundana, naochamo zinthu zosiyanasiyana, nayesa kuculuka kwa madzi amene anasungunuka. Kuyambira pamenepo anthu anaphunzira kuti kutentha kumayesedwa monga momwe amayesera cimanga m'dengu. M'caka ca 1840, Germain Hess wa ku St Petersburg anaonetsa lamulo lofunika kwambiri. Lamulolo liti zinthu ziwiri zikaphatikana ndi kupanga cinthu cina, kutentha kotulukapo kumakhala kofanana, ngakhale ziphatikane nthawi imodzi kapena pang'onopang'ono podzera njira zambiri. Ziri monga munthu wotsika phiri. Angathe kutsetsereka molunjika, angathenso kuyenda mokhotakhota tsiku lonse, koma akafika patsinde onse awiri atsika msinkhu umodzimodzi.

Nanga kutenthako nkoculuka bwanji? Khasu lalikulu limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Kilogalamu imodzi ya citsulo ikasanduka dzimbiri yonse, imatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira okwana malita 20, ndiwo odzaza ndowa yaikulu. Akulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'maiko ozizira monga Japan anthu amagwiritsa nchito kutentha kumeneku. Amagula timatumba tokhala ndi ufa wa citsulo, mcere, makala osinja ndi madzi pang'ono. Kathumbako kakatsegulidwa mpweya umalowa, ufa uja umayamba kucita dzimbiri mofulumira, ndipo kamafunditsa manja kwa maola angapo. Amalinyero nawonso amacenjera posenza zipalapala za citsulo zonyowa m'zombo zao, cifukwa mulu waukulu wa zipalapalazo ungathe kutentha wokha kufikira kubuka moto.

Ngongole ya Ng'anjo

Tsono citsulo ca khasu cinacokera kuti? Munthu akakumba pansi sapeza citsulo conyezimira. Amapeza mtapo, ndiyo miyala yofiira kapena yakuda yolemera. Mtapo wambiri wa citsulo uli ngati dzimbiri lakalekale, pakuti citsulo ca m'nthaka cinaphatikana ndi okosijeni kale lomwe, anthu asanakhale pa dziko lapansi. Kutentha kwace cinataya pa nthawi imeneyo.

Citsulo conyezimira cimene cimapezeka pacokha, kawirikawiri ncocokera kumwamba, kumene kulibe mpweya woti ncidye. Ku Mbozi m'dziko la Tanzania, pafupi ndi malire a Zambia, kuli cimwala cacikulu ca citsulo cimene cinagwa kucokera kuthambo. Cina cacikulu koposa ciri ku Hoba m'dziko la Namibia, ndipo cimalemera pafupifupi matani 60. Koma zoterezi nzosowa, ndipo palibe mtundu wa anthu umene ukadalima ndi makasu a citsulo ukadadikira miyala yakumwamba.

Makolo a m'dziko la Zambia anadziwa kutulutsa citsulo mu mtapo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ankamanga ng'anjo ndi dothi la pa culu, kutali ndi mudzi. Ankadula mitengo yolimba ndi kuocha makala ambiri, natutira mtapo pamalopo. M'ng'anjomo ankaika makala ndi mtapo mosanjikiza. Ng'anjo zina zazitali zinkakoka mpweya zokha podzera m'mipope yadothi ya kunsi, ndipo zina zinkapemereredwa ndi mvukuto. Moto unkayaka usana ndi usiku. Potsiriza pace amisiri ankatulutsa cibuma ca citsulo cosanganikirana ndi zonyansa, nacitenthanso ndi kucimenya kufikira citayera.

M'ng'anjomo makala ankagwira nchito ziwiri. Ena ankapsa ndi kupereka kutentha kwakukulu, kopitirira madigiri 1,000. Ena ankatulutsa mpweya umene unkalanda okosijeni wa mu mtapo, ndi kusiya citsulo pacokha. Apa pali lamulo lina limene Lavoisier ndi Laplace analipeza. Kutentha kumene citsulo cinataya pophatikana ndi okosijeni, ndiko kumene kuyenera kubwezedwa pofuna kuzilekanitsa. Iri ngati ngongole imene siikhululukidwa. Wosula amaibweza ndi makala, ndi mitengo, ndi thukuta lace. Mafakitale a masiku ano amaibweza ndi malasha, gasi kapena magetsi.

Nkosadabwitsa tsono kuti kale khasu linali cuma. Anthu ankasinthanitsa makasu ndi mbuzi, nsaru kapena mcere, ndipo khasu likatha ankapita nalo kwa wosula kuti asulepo kansengwa ka mpeni, mubvi kapena singano. Palibe amene ankalisiya kumunda. Cinthu ciri conse cacitsulo ciri ngati mwala umene anthu aukankhira pamwamba pa phiri ndi mphamvu zambiri. Ukangolekereredwa umayamba kubwerera kunsi kumene unacokera.

Zitsulo Sizifanana

Zitsulo zonse sizitulutsa kutentha kofanana pophatikana ndi okosijeni. Golide saphatikana naye konse mu mpweya wamba, ndipo cifukwa cace amapezeka wonyezimira m'miyala ndi mumcenga wa mitsinje. Kilogalamu imodzi ya mkuwa imatulutsa kutentha kowiritsa madzi okwana malita 7 okha. Ya citsulo ca makasu imawiritsa malita 20 kapena kuposerapo pang'ono. Ya aluminiyamu, citsulo copepuka cimene amapangira mapoto ndi ndege, imawiritsa malita oposa 80.

Mndandanda umenewu ufanana ndi mbiri ya anthu. Golide anadziwika kale kwambiri, pakuti analibe ngongole yobweza. Mkuwa nawonso unadziwika kale, cifukwa ngongole yace njaing'ono. Citsulo cinadza pambuyo pace, anthu ataphunzira kumanga ng'anjo zabwino. Aluminiyamu ndiye woculuka m'nthaka kuposa zitsulo zina zonse, koma amagwira okosijeni mwamphamvu kotero kuti ng'anjo ya makala ya masiku onse siingathe kumlanda. Anakhala wosowa ndi wokwera mtengo kufikira caka ca 1886, pamene Charles Martin Hall wa ku America ndi Paul Héroult wa ku France, aliyense payekha, anapeza njira yomlekanitsira ndi mphamvu ya magetsi.

Dyera la aluminiyamu pa okosijeni liri ndi nchito yace. Ufa wa aluminiyamu ukasanganizidwa ndi ufa wa dzimbiri ndi kuyatsidwa, aluminiyamu amalanda okosijeni wa m'dzimbirimo mwaukali. Kutentha kumafika pafupifupi madigiri 2,500, ndipo citsulo cimatsika ciri cosungunuka ngati phala. Amisiri a njanji amalumikiza zitsulo za njanji ndi njira imeneyi.

Khungu Loteteza

Apa pali cozizwitsa. Ngati aluminiyamu akonda okosijeni cotere, bwanji poto wa aluminiyamu amakhala zaka zambiri osadyeka? Cifukwa cace ncakuti pamwamba pace pamapangika khungu lopyapyala kwambiri, losaoneka ndi maso, koma lolimba ndi lomatirira. Khungulo limachinga mpweya kuti usafike pa citsulo ca m'kati. Poto akakwechedwa, khungu latsopano limapangika nthawi yomweyo.

Dzimbiri la citsulo liri losiyana. Limatupa, limang'ambika, limamwa madzi, ndipo potsiriza pace limayoyoka ndi kusiya citsulo catsopano pamtetete. Cotero limalowa m'kati caka ndi caka kufikira cinthuco citabooka. Kuculuka kwa kutentha kumasonyeza mphamvu imene citsulo cimakokera okosijeni, koma khungu ndilo limalamula ngati kudyekako kudzafulumira kapena kudzaima.

Mkuwa nawonso umapanga khungu lace. Ukakhala pabwalo umayamba wada, ndipo patapita zaka umabiriwira, pakuti umaphatikana ndi cinyezi ndi mipweya ina ya m'mlengalenga. Cifanizo cacikulu cochedwa Statue of Liberty ca ku New York cinaimikidwa m'caka ca 1886 ciri ndi maonekedwe a mkuwa, koma patapita zaka makumi atatu cinali citabiriwira conse. Kubiriwirako nkumene kwacisunga. M'nthaka namonso mkuwa wa pafupi ndi pamwamba unasanduka miyala yobiriwira yochedwa malakaiti. Miyala imeneyi ndiyo inasonyeza makolo malo a mkuwa ku Kansanshi pafupi ndi Solwezi ndi ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola. Ankaisungunula ndi makala, naumba mitanda ya mkuwa imene inali ngati ndalama. Mitanda yotere inafukulidwa m'manda akale a ku Ing'ombe Ilede, m'cigwa ca Zambezi, malo amene anadziwika m'caka ca 1960.

Mpweya pa Nchito ku Migodi

Pansi kwambiri, kumene mpweya ndi madzi a mvula sizinafike, mkuwa wa ku Copperbelt uli wophatikana ndi sulufule, ndipo kawirikawiri ndi citsulo comwe. Mtapo umenewu sunapse, cotero kutentha kwace kukali m'katimo. Akatswiri amapindula nako. Mtapo wosungunuka amauthira m'cimgolo cacikulu, naupopera mpweya wamphamvu. Sulufule ndi citsulo zimapsa, ndipo kutentha kwace kumakwanira kusunga zonse ziri zosungunuka popanda kuonjezera malasha. Mkuwa, umene sukoka okosijeni kwambiri, umatsalira. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, pamene citsulo coyera cimafuna madigiri 1,538.

Koma sulufule akapsa amasanduka mpweya wotsamwitsa, umene anthu a ku Mufulira amaucha senta. Ng'anjo ya ku Mufulira inayamba nchito m'caka ca 1937, ndipo kwa zaka zambiri mpweya umenewu unkatulukira m'mlengalenga. Ukakumana ndi mame kapena mvula umasanduka asidi. Unkabvuta anthu m'zifuwa, unkafotetsa mbeu, ndipo malata a nyumba za pafupi ankadyeka msanga. Pambuyo pace kunamangidwa mafakitale ogwira mpweyawo ndi kuusandutsa asidi wa m'matanki, amene amagwiranso nchito yosungunula mkuwa m'miyala ina. Izi zisonyeza kuti cimene munthu ataya mu mpweya sicithera pomwepo, cimakagwera pa denga la mnzace.

Kucedwetsa Motowo

Kuti citsulo cicite dzimbiri pafunika mpweya ndi madzi pamodzi. Cimodzi cikasowa, dzimbiri silipita patali. Mcere ndi asidi zimalifulumizitsa, ndiye cifukwa cace khasu limene lakhudza feteleza kapena manyowa a m'khola liyenera kutsukidwa ndi kuumitsidwa.

Njira yapafupi yotetezera citsulo ndiyo kucibveka cobvala. Mafuta, girisi ndi utoto zimachinga madzi ndi mpweya. Ulalo wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, pafupi ndi Livingstone, unatha kumangidwa m'caka ca 1905. Uli wacitsulo, ndipo nthunzi ya mathithi imaunyowetsa, koma waima zaka zoposa 100 cifukwa amisiri amaufufuza ndi kuupaka utoto.

Njira ina ndiyo ya malata. Lata ndi citsulo copyapyala cimene cabviikidwa mu zinki wosungunuka. Zinki amapanga khungu lace lotuwa, ndiponso amakoka okosijeni mwamphamvu kuposa citsulo. Lata likakalika pang'ono, zinki wa pafupi ndi balalo ndiye amayamba kudyeka, ndipo citsulo cimapulumuka. Zinki akatha, dzimbiri limayamba, ndipo madontho ofiira amaoneka padenga. Imeneyo ndiyo nthawi yopaka utoto, denga lisanayambe kudontha. Mgodi wa ku Kabwe unkatulutsa zinki ndi mtobvu kufikira pamene unatsekedwa m'caka ca 1994.

Mlimi wa ku Katete uja anagula khasu lina ndi ndalama zimene anasungira mbeu. Kuyambira caka cimeneco, akaweruka kumunda amapala dothi la pa khasu lace, nalipukuta, nalipacika pouma pansi pa nkhokwe. Nyengo ya kulima ikatha amalipaka mafuta pang'ono. Moto wa dzimbiri palibe angauzime kotheratu, pakuti mpweya uli ponseponse, koma munthu wosamala angathe kuucedwetsa kotero kuti khasu limodzi lilime minda ya zaka zambiri.

Zocita

1. Tengani waya wofewa wotsukira miphika, muunyowetse, ndi kuukanikiza pansi pa tambula yagalasi. Bvundikirani tambulayo m'mbale ya madzi. Patapita masiku awiri kapena atatu onani pamene madzi afika m'tambulamo. Fotokozani cifukwa cace akwera.

2. Bviikani waya wina wotere mu vinyo wosasa kwa mphindi imodzi, muufinye, ndi kuukulunga pa kayesero ka kutentha. Ikani zonse m'botolo. Werengani madigiri poyamba, ndi kuwerenganso patapita mphindi zisanu.

3. Tengani misomali itatu yoyera. Woyamba ikani m'botolo louma lotseka. Waciwiri ikani m'madzi owiritsa amene pamwamba pace mwathirapo mafuta. Wacitatu ikani m'madzi pang'ono, mutu wace uli kunja. Yang'anani patapita sabata imodzi.

Mafunso

1. Kodi dzimbiri limapangika ndi zinthu ziti?
2. Lavoisier anaphunzira ciani pa botolo lace lotseka?
3. Cifukwa ninji mbaliwali za pa cipala zimawala, pamene khasu ladzimbiri silitentha?
4. Chulani nchito ziwiri za makala m'ng'anjo.
5. Makilogalamu 21 a citsulo angatenge makilogalamu angati a okosijeni?
6. Cifukwa ninji anthu anadziwa mkuwa kale kuposa aluminiyamu?
7. Fotokozani momwe zinki amatetezera malata.
8. Lembani njira zitatu zosamalira zitsulo za pakhomo panu.